Chakhumi Tabweza, Nanga Zotsalazo? Phunziro la Mafunso Atatu a Pulofesa Lusardi

Ndinakhoza bwino masamu pa mayeso a Fomu 4. Mafunso a chiwongoladzanja ndiwo ndinkawakonda kwambiri, chifukwa ukangoloweza njira yake, malikisi ndi ako basi. Koma m'chaka changa choyamba pano pakoleji, foni itandifera pakati pa semesita, ndinapita kwa bambo wina wa katapila n'kubwereka K20,000. Anandiuza kuti pakutha pa mwezi ndikabweze K30,000, ndipo ndikalephera, ngongole yonseyo idzakwera ndi theka lina. Ndinangovomera msangamsanga poti ndinkayembekezera ndalama kuchokera kunyumba. Mwezi woyamba sizinabwere. Mwezi wachiwiri zinabwera zongokwanira sopo ndi kusindikizira ntchito za m'kalasi. Pofika kumapeto kwa mwezi wachitatu ngongole ija inali pa K67,500, ndipo anailipira ndi amayi anga atagulitsa mbuzi imene ankasungira fizi ya mng'ono wanga.

Mbuziyo imandipwetekabe mtima, koma chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti nambala ya 67,500 ndikanatha kuipeza pa kapepala ndisanalandire ndalamazo. Masamu ake ndinali nawo m'mutu. Kungoti sindinaganizepo kuti masamu amenewo amagwira ntchito kunja kwa chipinda cha mayeso. Komanso ndine mwana wa mpingo. Ndinaphunzira pa sekondale ya mishoni, maulaliki a ukapitawo ndamva osawerengeka, ndipo chakhumi ndinayamba kubweza ndili ku Pathfinder. Zonsezi sizinanditchinjirize kwa bambo uja.

Patapita miyezi ingapo, ndikufufuza za ntchito ina ya m'kalasi yokhudza silabasi, ndinapeza dzina la Annamaria Lusardi, pulofesa wa zachuma pa yunivesite ya Stanford ku America. Ndinazindikira kuti vuto langali pali anthu amene akhala akulifufuza kwa zaka zoposa 20, ndipo mayi amenewa ndi mmodzi mwa otsogolera. Ndikufuna ndifotokoze ulendo wawo wa maphunziro ndi zimene anapeza, chifukwa zinandifikitsa pa maganizo awa: kudziwa kayendedwe ka ndalama ndi luso lofanana ndi kuwerenga ndi kulemba, liyenera kuphunzitsidwa mwadala kusukulu ndi kumpingo, ndipo ife ophunzira zauphunzitsi sitingaizembe ntchitoyi pongonena kuti ndi ya anzathu a bizinesi.

A Lusardi anabadwira kumpoto kwa dziko la Italy. Digiri yoyamba ya zachuma anaitenga pa yunivesite ya Bocconi mumzinda wa Milan mu 1986, kenaka anawoloka nyanja kupita ku Princeton, kumene anamaliza PhD mu 1992. M'chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa pa Dartmouth College ku New Hampshire, ndipo anakhalako mpaka 2010. Ntchito yawo yoyambirira sinkakhudzana ndi za sukulu. Ankafufuza funso lakale la akatswiri a zachuma loti n'chifukwa chiyani mabanja ena amasunga ndalama pamene ena sasunga. Mu 1996 iwo ndi Martin Browning analemba nkhani yaitali yosanthula zimene zinkadziwika nthawi imeneyo pa kasungidwe ka ndalama m'mabanja.

Chiphunzitso chimene akatswiri ambiri ankatsatira chinachokera kwa munthu wakwawo ku Italy, Franco Modigliani, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1985. Chimati munthu amayang'ana moyo wake wonse, amasunga ndalama ali pantchito, n'kudzadya zosungazo atakalamba. Pa pepala n'zomveka. Vuto n'lakuti chiphunzitsochi chimatenga aliyense ngati wodziwa kuwerengera chiwongoladzanja cha zaka 30, kuyerekezera mmene mitengo idzakwerere, ndi kusankha malo abwino oikapo ndalama. A Lusardi akayang'ana ziwerengero zenizeni za mabanja a ku America ankaona zosiyana. Anthu ambiri, kuphatikizapo a malipiro abwino, ankayandikira nthawi yopuma pantchito ali ndi chuma chochepa zedi, ndipo ambiri mwa iwo anali asanakhalepo pansi kuganizira za ukalamba wawo.

Nkhaniyi inakula chifukwa cha kusintha kwa mapenshoni m'dzikomo. Kale makampani ambiri ankalonjeza wantchito ndalama yodziwika mwezi uliwonse akadzapuma, ndipo mutu wa kawerengedwe unkawawa kampaniyo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, dongosololi linayamba kulowedwa m'malo ndi maakaunti a munthu payekha, momwe wantchito amasankha yekha kuchuluka kwa zimene asunge ndi kumene ziikidwe. Katundu amene ankasenza akatswiri anamutula pamutu pa dalaivala, wogulitsa m'sitolo ndi wogwira ntchito m'fakitale. Ndi ochepa amene anafunsa ngati anthuwa akudziwa kasenzedwe kake. A Lusardi anafunsa, ndipo funso limenelo ndilo linasintha ntchito yawo yonse.

Mu 2004 iwo ndi Pulofesa Olivia Mitchell wa ku Wharton School pa yunivesite ya Pennsylvania anapatsidwa mpata woika mafunso ochepa m'kafukufuku wamkulu wa anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo, wotchedwa Health and Retirement Study. Mafunsowo anayenera kukhala afupiafupi, oti munthu n'kuyankha popanda makina owerengera. Atatu mwa iwo ndi amene lero amadziwika padziko lonse kuti Big Three. Ndikupemphani, owerenga anzanga, muwayankhe mumtima musanapitirire.

Loyamba: muli ndi madola 100 kubanki, chiwongoladzanja ndi 2 peresenti pachaka, ndipo simukutapako. Pakatha zaka 5, kodi mudzakhala ndi zoposa madola 102, madola 102 enieni, kapena zocheperapo? Lachiwiri: banki ikukupatsani 1 peresenti pachaka pamene mitengo ya zinthu ikukwera ndi 2 peresenti pachaka. Chaka chikatha, ndalama zanuzo zidzagula zambiri kuposa lero, zofanana, kapena zochepa? Lachitatu: kodi n'zoona kapena zabodza kuti kugula masheya a kampani imodzi n'kotetezeka kuposa kuika ndalama m'thumba limene lagula masheya a makampani ambiri? Pa funso lililonse munthu amaloledwa kuyankha kuti sakudziwa.

Yankho la loyamba ndi zoposa madola 102, popeza zimafika pa madola 110 ndi kakupitirira. La lachiwiri ndi zochepa. La lachitatu ndi zabodza. Mwina mwaona ngati ndi za ana a pulayimale. Komatu mwa akuluakulu a ku America amene anafunsidwa, theka lokha ndilo linakhoza mafunso awiri oyambawo, ndipo amene anakhoza onse atatu anali mmodzi mwa anthu atatu alionse. Awa anali anthu oti anagulapo nyumba pa ngongole, analerapo ana, ndipo anaona ndi maso awo kukwera kwa mitengo kwa m'zaka za m'ma 1970. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti amene anayesapo kuwerengera ndalama zofunika pa ukalamba wawo sankakwana mmodzi mwa atatu. Okhoza mafunsowo ndiwo ankakonda kukonzekera, ndipo okonzekerawo ankafika pa ukalamba ali ndi chuma chochulukirapo.

Mafunsowa anafalikira m'maiko ambiri. Mu 2010 a Lusardi anasamukira ku George Washington University mumzinda wa Washington, ndipo mu 2011 anakhazikitsa kumeneko bungwe lofufuza za nkhaniyi lotchedwa GFLEC. Mu 2014 anagwira nawo ntchito pa kafukufuku wamkulu kwambiri, wa S&P Global FinLit Survey, pamodzi ndi Leora Klapper ndi Peter van Oudheusden a ku World Bank. Anthu oposa 150,000 anafunsidwa m'maiko oposa 140. Mitu inali inayi: masamu a chiwongoladzanja, chiwongoladzanja chobereka chinzake, kukwera kwa mitengo, ndi kusaika chuma chonse pamalo amodzi. Wokhoza mitu itatu ankawerengedwa kuti ndi wodziwa. Padziko lonse okhoza anali 33 pa anthu 100 alionse. Ku Denmark, Norway ndi Sweden anali 71, ku America 57, kwawo kwa a Lusardi ku Italy 37, ndipo kuno ku Malawi 35. Taonani kuti Italy, dziko lolemera la mabanki akalekale, linangotiposa pang'ono. Kukhala pakati pa ndalama pakokha sikuphunzitsa munthu za ndalama.

Gawo la kafukufuku wawo limene linandibaya kwambiri ndi la ngongole. Pamodzi ndi Peter Tufano anafunsa anthu za ngongole ya madola 1,000 ya chiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka: ngati subwezako kalikonse, papita zaka zingati kuti ngongoleyo iwirikize kawiri? Yankho ndi zaka zosakwana 4, koma okhoza anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Ambiri ankaganiza kuti ngongole imakula pang'onopang'ono kuposa mmene imakuliradi, monga ndinaganizira ine tsiku lija. Ofufuzawa anapezanso kuti osadziwawo amalipira ndalama zambiri pa zindapusa ndi zolipira zina za ngongole. Mu 2011 a Lusardi, a Tufano ndi Daniel Schneider anafunsa funso lina lophweka: kodi mungathe kupeza madola 2,000 m'masiku 30 patagwa vuto ladzidzidzi? Pafupifupi theka la anthu a ku America linati silingathe kapena likukayika. Ndipo mu 2017, pamodzi ndi a Mitchell ndi Pierre-Carl Michaud, anawerengera kuti pakati pa 30 ndi 40 peresenti ya kusiyana kwa chuma pakati pa anthu opuma pantchito ku America kumachokera pa kusiyana kwa chidziwitso cha zandalama. Umbuli umenewu uli ndi mtengo wake, ndipo amaulipira kwambiri ndi amene ali nazo zochepa kale.

Palinso china chimene mphunzitsi aliyense ayenera kuchimva. Pafupifupi m'dziko lililonse amayi ankapeza malikisi otsika kuposa abambo. M'kafukufuku wa 2014 uja abambo okhoza anali 35 pa 100 pamene amayi anali 30. Wina angathamangire kunena kuti amayi sadziwa za ndalama. Koma a Lusardi anaona kuti amayi ankasiyana ndi abambo makamaka posankha yankho loti sakudziwa. Tsono iwo ndi Tabea Bucher-Koenen, Rob Alessie ndi Maarten van Rooij anayesa chinthu china ku Netherlands. Anafunsa anthu omwewo mafunso omwewo kawiri, ulendo wina yankho loti sindikudziwa lilipo, ulendo wina atalichotsa. Litachotsedwa, amayi ambiri anasankha yankho lolondola. Ofufuzawa anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kusiyanaku limachokera pa kudzikayikira. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira atsikana a m'kalasi mwathu ku sekondale amene ankalemba yankho lolondola m'kope koma osakweza dzanja. Mtsikana wotero akadzakula adzasiyira mwamuna wake kapena wobwereketsa ndalama kumuuza tanthauzo la pepala limene akusaina, chonsecho akanalimvetsa yekha.

Sindikufuna kubisa kuti pali otsutsa, ndipo mfundo zawo n'zolemera. Oyamba ndi anzanga a kuhositelo amene amati: iwe, bajeti ya chiyani pamene ndalama yake palibe? Akunena zoona ndithu. Palibe phunziro limene lingasandutse malipiro osakwanira kukhala okwanira. Achiwiri ndi akatswiri monga Lauren Willis, pulofesa wa zamalamulo, amene mu 2008 analemba motsutsa maphunziro a zandalama. Iwo amati maphunzirowa amapatsa maboma ndi mabanki pothawira, chifukwa munthu akagwa m'ngongole amauzidwa kuti ndi kupusa kwake, m'malo moti malamulo aletse ngongole zachinyengo. Achitatu ndi Daniel Fernandes, John Lynch ndi Richard Netemeyer, amene mu 2014 anasonkhanitsa kafukufuku 201 n'kupeza kuti maphunziro a zandalama amasintha khalidwe la munthu pang'ono zedi, ndipo kusinthako kumazilala pakapita miyezi pafupifupi 20.

A Lusardi anayankha ndi kafukufuku wina. Mu 2022, pamodzi ndi Tim Kaiser, Lukas Menkhoff ndi Carly Urban, anasanthula zoyesera 76 za m'maiko 33, zokhudza anthu oposa 160,000. Anatenga zokhazo zimene anthu anagawidwa m'magulu awiri mwa maere, lina n'kuphunzitsidwa, lina ayi, kuti kusiyana kulikonse kudziwike kuti kwachokera pa phunzirolo. Anapeza kuti maphunzirowa amawonjezera chidziwitso ndiponso amasintha khalidwe, makamaka pa kukonza bajeti ndi kusunga ndalama, ndipo mphamvu yake pa chidziwitso ikufanana ndi ya njira zothandizira ana pa masamu ndi kuwerenga. Wina anganene kuti mayiwa anali ndi mbali pa mlanduwu, ndipo n'zoona. Koma kugawa anthu mwa maere ndiyo njira imene madokotala amayesera mankhwala, ndipo n'kovuta kuipotoza.

Ine maganizo anga ndi awa. Mfundo yoti zophunzira zimazilala ikutanthauza kuti semina ya tsiku limodzi siikwanira. Masamu nawonso munthu amaiwala akasiya kuwagwiritsa ntchito, koma palibe amene ananenapo kuti tichotse masamu pa silabasi. Timawaphunzitsa chaka ndi chaka mpaka akhazikike, poti m'mera m'poyamba. Mfundo ya a Willis ndikuivomera theka: malamulo oteteza obwereka ndi ofunika, ndipo phunziro lisakhale chifukwa chowalekerera. Koma tsiku limene ndinaima pakhomo pa bambo wa katapila panalibe wapolisi kapena woyang'anira mabanki. Panali ine ndi zimene zinali m'mutu mwanga. Ndipo kwa anzanga a kuhositelo ndimati: wolemera akalakwitsa amataya phindu, koma wosauka akalakwitsa amataya mbuzi ya fizi. Kuchepa kwa ndalama ndiko kumachititsa kuti kulakwitsa kukhale kowawa.

Chimene chimandisangalatsa pa ulendo wa pulofesayu n'chakuti sanathere pa kuyeza umbuli wa anthu n'kulemba m'mabuku a akatswiri okhaokha. Anayamba kuphunzitsa okha kalasi ya kasamalidwe ka ndalama za munthu payekha kwa ophunzira a pa yunivesite. Mu 2017 boma la Italy linawasankha kutsogolera komiti ya dziko lonse yoona za maphunziro a zandalama, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo ya dzikolo inavomereza kuti phunziroli lilowe m'sukulu monga gawo la maphunziro a unzika. Kuyambira 2023 ali ku Stanford, kumene akutsogolera ntchito yofufuza ndi kuphunzitsa za kapangidwe ka ziganizo pa ndalama. Munthu amene anayamba ndi funso la akatswiri a zachuma wafika pa funso la aphunzitsi: tiphunzitse chiyani, tiphunzitse liti, ndipo aphunzitse ndani?

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pakhomo pathu. Mafunso aja anakonzedwera anthu a ku America, koma lachiwiri lija ife timakhala nalo tsiku ndi tsiku. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. M'chaka cha 2024 mitengo inkakwera ndi maperesenti opitirira 30. Tiyerekeze kuti wina wasunga K100,000 pamalo opereka 10 peresenti pachaka, pamene mitengo ikukwera ndi 30 peresenti. Chaka chikatha ali ndi K110,000 ndipo akuona ngati wapindula, koma katundu amene akanagula ndi K100,000 tsopano ali pa K130,000. Nambala yakwera koma thumba lapepuka. Funso loyamba nalo tili nalo m'ngongole za pafoni, za katapila, za banki m'khonde, ndi zodula pa malipiro, zimene aphunzitsi ambiri amalowamo atangoyamba ntchito. Ndi ife amene tikupita kumeneko zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi.

Funso lachitatu lingaoneke lachilendo chifukwa ndi Amalawi ochepa amene ali ndi masheya. Koma nzeru yake agogo athu amaidziwa bwino. Amadzala chimanga, nandolo, maungu ndi chinangwa kuti mvula ikadula china chipulumuke. Mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa umanena za mtima wosakhazikika, sunena za munda kapena chuma. Chosowa ndi mphunzitsi woti alumikize nzeru ya kumunda ija ndi ganizo la mnyamata amene akufuna kuika ndalama zake zonse za fizi mu bizinesi ya pa WhatsApp yolonjeza kuwirikiza ndalama m'sabata ziwiri.

Tsopano ndiyankhule ndi mpingo wanga, mwaulemu wonse kwa abusa ndi akulu ampingo. Chiphunzitso chathu cha ukapitawo chimati zonse ndi za Mulungu, ife ndife osunga chabe. Ngati zili choncho, ndiye kuti magawo asanu ndi anayi otsala tikabweza chakhumi ndi akenso. Koma maulaliki a ukapitawo amene ine ndamva, ambiri amathera pa envulopu. Timaphunzitsidwa bwino kuwerengera gawo limodzi mwa khumi, ndipo mwana aliyense wa Pathfinder angakuuzeni chakhumi cha K5,000 asanaphethire. Mwana yemweyo mufunseni kuti K20,000 pa 50 peresenti pamwezi ikhala zingati pakatha miyezi itatu, muona akuyang'ana pansi. Tikutumiza akapitawo kukayang'anira munda wa Mwini wake titawaphunzitsa mzere umodzi wokha mwa mizere khumi.

Baibulo silichita manyazi ndi nkhani zimenezi. Mu 2 Mafumu chaputala 4 timawerenga za mkazi wamasiye wa mmodzi wa ana a aneneri. Mwamuna wake anali woopa Mulungu, Elisa ankamudziwa, koma anamwalira ali ndi ngongole, ndipo mwini ngongole anabwera kudzatenga ana ake awiri. Kuopa Mulungu sikunaimitse ngongoleyo kukula. Ngakhale chozizwitsa cha mafuta chitachitika, Elisa anapereka malangizo a zachuma: agulitse mafutawo, abweze ngongole, adye zotsalazo ndi ana ake. Mu Genesis 41 Yosefe anauza Farao kuti asunge gawo limodzi mwa magawo asanu m'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu. Mlaliki 11 amalangiza kugawa chuma m'magawo angapo chifukwa munthu sadziwa tsoka limene likudza, zomwe ndi funso lachitatu la a Lusardi. Mu Luka 14 Yesu mwini anakamba za womanga nsanja amene amayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake. Nawo Mayi Ellen White, m'buku lawo la Education la 1903, analangiza kuti masamu aziphunzitsidwa mokhudza moyo weniweni, ndi kuti mwana aliyense aphunzire kulemba molondola ndalama zimene walandira ndi zimene wagwiritsa ntchito. Langizo limeneli linalembedwa zaka 101 mafunso atatu aja asanafunsidwe. Ndikudzifunsa kuti linasochera pati pakati pa bukulo ndi kalasi imene ine ndinakhalamo.

Ena adzati kuganizira za penshoni ndi chiwongoladzanja n'kusowa chikhulupiriro, popeza Yesu anatiletsa kudera nkhawa za mawa. Koma kudera nkhawa ndi kukonzekera n'zosiyana. Miyezi itatu imene ndinali ndi ngongole ija ndiyo nthawi imene ndinadera nkhawa kwambiri m'moyo wanga. Ndinkakhala m'tchalitchi Sabata m'mawa, pakamwa pakuimba koma mutu ukuwerengera masiku otsala kuti mwezi uthe. Ndikanakhala pansi mphindi zisanu ndi pensulo poyamba paja, mtima wanga ukanakhala pa kulambira.

Nanga tichite chiyani? Kwa akuluakulu a koleji ndikupempha kuti wophunzira zauphunzitsi aliyense, kaya ndi wa masamu, zinenero kapena Baibulo, apatsidwe phunziro lalifupi la kasamalidwe ka ndalama asanapite kokayeserera kuphunzitsa. Aphunzitsi ake alipo kale ku dipatimenti ya bizinesi. Phunzirolo likhale la zinthu zimene tidzakumana nazo: kuwerenga pepala la malipiro, kusandutsa chiwongoladzanja cha pamwezi kukhala cha pachaka, kumvetsa ngongole ya maphunziro imene ena tatenga, ndi kudziwa kumene ndalama ya penshoni imapita. Mphunzitsi womira m'ngongole sangaphunzitse ana kusambira.

Kwa anzanga a zauphunzitsi ndikuti tisadikire silabasi yatsopano. Wa masamu asiye zitsanzo za 5 peresenti pachaka zimene mwana sadzazionapo, abweretse ngongole yeniyeni ya pamsika n'kuuza ana aiwerengere mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi. Wa Chichewa kapena Chingerezi atenge pepala la mgwirizano wa ngongole likhale ndime yowerenga ndi kuyankha mafunso. Wa zaulimi aonetse chifukwa chake wogulitsa chimanga chonse mu Meyi amadzachigula modula mu Januwale. Wa Baibulo asathamange pa nkhani ya wamasiye uja. Ndipo tonse tikumbukire zimene zinapezeka ku Netherlands. Mtsikana akati sakudziwa, tisafulumire kuloza wina. Timufunse kuti akanati asankhe, akanasankha liti, ndipo tidikire.

Kwa atsogoleri a achinyamata ndi a dipatimenti ya ukapitawo ndikupempha kuti mfundo za m'Malemba zikambidwe pa Sabata monga mwa nthawi zonse, koma Lamlungu lina pa kotala tikhale pansi ndi makope ndi mapensulo. Mumpingo mwathu muli owerengera ndalama, ogwira ntchito m'mabanki ndi amayi a Dorika amene ayendetsa banki m'khonde kwa zaka zambiri osataya tambala. Amenewa atiphunzitse, ndipo pasakhale woseka mnzake pa funso lililonse, chifukwa safunsa anadya phula.

Tchuthi chapitachi ndinafunsa mng'ono wanga mafunso atatu aja, nditasintha madola kukhala makwacha ndi masheya kukhala mbewu za m'munda. Anakhoza loyamba ndi lachitatu. Pa lachiwiri anati sakudziwa. Ndinakhala chete kumudikira, ndipo patapita kanthawi anayankha motsitsa mawu kuti ndalamazo zigula zochepa, monga shuga wa chaka chatha ndi wa chaka chino. Amayi ankamvetsera ali pa mtondo. Atamaliza kusinja anandiuza kuti Lachitatu ndipite nawo ku gulu lawo la banki m'khonde, ndikawafunse amayi anzawo mafunso omwewo, ndipo ndisaiwale kuwafotokozera za mbuzi ija.